Masalimo 150 pa sabata, ndi funso la iwe ndi Inu

Mukatsegula buku lakale la mapemphero a ansembe, la Chilatini lija, choyamba kukusokonezani ndi manambala. Salimo la mbusa, limene timalidziwa ngati 23, m'menemo ndi 22. Osindikiza sanalakwitse ayi. Chilatini chinatsata kawerengedwe ka Chigiriki, kamene kamaphatikiza salimo 9 ndi 10, ndiye kuchokera pamenepo manambala ambiri amatsalira ndi imodzi. Apa nditsata manambala a Chiheberi.

M'zaka za m'ma 500, Benedict wa ku Nursia analamula amonke ake kuti azimaliza masalimo onse 150 sabata iliyonse, akumasonkhana kasanu ndi kawiri masana ndi kamodzi usiku. Anawatonzako pang'ono, ati akale ankawamaliza tsiku limodzi. Mpingo wa ku Roma unalinso ndi dongosolo lake la sabata, ndipo salimo 119, la mavesi 176, linkanenedwa tsiku ndi tsiku. Koma zikondwerero za oyera zitachuluka, masalimo omweomwewo ankabwerezedwa, ena osamveka kwa nthawi yaitali. Papa Pius X anakonza zimenezi mu 1911 powagawanso mwatsopano. Buku la 1971 linawatambasula kukhala a masabata anayi, n'kusiya 58, 83 ndi 109 chifukwa cha matemberero ake. Ine pamenepa ndimadandaula, chifukwa munthu woponderezedwa nayenso amapemphera.

Zonsezi zinkachitika m'Chilatini mpaka msonkhano wachiwiri wa Vatican unatsekulira khomo zilankhulo za anthu mu 1963. Patangopita zaka zitatu, Akatolika kuno anakhala ndi Malembo Oyera. Ngakhale liwulo linayenera kuzolowera pakamwa pathu: Buku Lopatulika la 1922 linalemba Masalmo, koma l ndi m sizigundana m'Chichewa, ndiye lero tikuti Masalimo.

Chondikopa kwambiri ndi ichi. Chilatini, monga Chiheberi, chimalankhula ndi Mulungu ngati mmodzi, ndi kaliwu komwe mungaitanire mnzanu: tu. Ife iwe kwa Mulungu sitingayerekeze, timati Inu. Tsono taganizirani salimo 44, pamene wopemphera akudzutsa Mulungu ngati wagona tulo anthu ake akuphedwa. Mmonke wa Benedict ankamudzutsa ngati wogona naye nyumba imodzi. Sisitere wa ku Dedza, ndi Inu wakeyo, akuchita ngati mwana wodzutsa mfumu: waima pakhomo, wagwada, komabe akugogoda.