Za Mfuti za Gogodela Zimene Zaoneka pa Chaka Chathu

Pamene akulu a mpingo analengeza kuti yense wokhala ndi chinthu chakale abwere nacho kuti chionetsedwe pa Jubile, ife tinayembekeza mabuku a nyimbo, masileti ndi zithunzi za atumiki oyamba aja. Izo zinabweradi, koma pamodzi nazo panafikanso mfuti zitatu za gogodela, zokulungidwa m'masaka, zakuda bii ndi mwaye wa kutsindwi. Ena anang'ung'udza nati, chida cha nkhondo chifunanji pabwalo la tchalitchi? Ena anati zigulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha. Koma ife amene tinapatsidwa ntchito yolemba maina a zinthuzo tinayesa nkwabwino kuyamba tafufuza kumene zinachokera, pakuti mbiri ya Misyoni siimveka kwa munthu wosadziwa chimene makolo athu analikuthawa.

Mapangidwe ake

Gogodela ndiyo mfuti yothira wonga ndi chipolopolo kukamwa kwake, ndi kuzitsindira ndi ndodo. Zilipo za mitundu iwiri, ndipo yakale koposa ndiyo ya mwala. Pambali pake pakhala kachitsulo konga mutu wa tambala, kamene kaluma mwala wolimba. Mwini akakoka ndi chala, mwalawo ukhula chitsulo choimirira patsogolo pake, nugwetsa mbaliwali m'kambale ka wonga, ndipo moto ulowa pa kabowo kufikira wonga wa m'kati. Nzeru imeneyi inakhwima ku France zitangoyamba zaka za m'ma 1600, ndipo dzina lotchuka pa ntchitoyo ndi la Marin le Bourgeoys. Asilikali a Angerezi ananyamula mfuti yotere, yotchedwa Brown Bess, kuyambira 1722, naigwiritsa zaka zoposa 100. Miyala yake yambiri inasemedwa pa mudzi wa Brandon ku England.

Koma mfuti ya mwala inali ndi nthenda yake: mvula ikagwa, wonga wa m'kambale unanyowa, ndipo mfuti inakana. M'chaka cha 1807 mbusa wa ku Scotland, Alexander Forsyth, amene anakonda kusaka mbalame, anatsimikiza kuboma njira yoyatsira wonga ndi mankhwala ophulika pomenyedwa. M'menemo munachokera kachipewa kamkuwa kamene Aswahili atcha fataki. Tsono pamene maiko a ku Ulaya anataya mfuti za mwala, amalonda anazitola pa mtengo wochepa, natumiza zambiri ku Africa. Ndipo amisiri a ku Birmingham ndi ku Liège anapanganso zina zotsika mtengo, za malonda okhaokha.

Njira imene zinafikira kuno

Zina zinakwera ndi Zambezi m'manja mwa Apwitikizi ndi Achikunda ao. Zina zinadzera ku Zanzibar ndi ku Kilwa pamodzi ndi nsalu ndi mikanda. Mtengo wake unali minyanga ya njovu ndi anthu. Mfumu yokhala ndi mfuti inagwira anthu a mnansi wake nigula nao mfuti zina. Yopanda mfuti inamanga linga kapena kuthawira kuphiri. Salim bin Abdallah, ndiye Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo zombo zake zinaolotsa akapolo kunka kutsidya la nyanja. Mu Julaye 1861 David Livingstone, ali pa ulendo wokwera ndi Bishopu Mackenzie kunka ku Magomero, anakomana ndi mdipiti wa akapolo pa mudzi wa Mbame, ndipo anthu 84 anamasulidwa; amenewo ndiwo anali oyamba kukhala pa Misyoni ya Magomero.

Pa 2 Julaye 1890 maiko osonkhana ku Brussels anapangana kuletsa mfuti zatsopano m'chigawo chachikulu cha Africa, nalola kugulitsa za mwala zokha ndi wonga wamba, ndipo izonso anazikaniza kumene kunali malonda a akapolo. Ichi ndi chimodzi cha zifukwa zimene mfuti ya mwala inakhalitsira kuno, itaiwalika kwao. Dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, ndipo mu Disembala 1895 linga la Mlozi ku Karonga linagwa. Chiyambire pamenepo gogodela inasanduka ya alenje ndi yoingitsira nguluwe m'minda.

Kuwerenga zidindo

Mfuti ili ndi maina ake olembedwa pa chitsulo, monga mwana wa sukulu ali ndi dzina m'kaundula. Yang'anani poyamba pa chitsulo cha pambali. Mukaona korona ndi zilembo GR, ndiye mafumu otchedwa George, amene analamulira kuyambira 1714 kufikira 1830. WR ndiye William, kufikira 1837. VR ndiye Victoria. Mau akuti TOWER anena za linga lakale la ku London. Koma musafulumire kukondwa, abale, pakuti amisiri a malonda anadindanso mau amenewo pa mfuti zimene sizinagwidwepo ndi msilikali. Ya boma yeniyeni ikhala ndi kachizindikiro konga phazi la nkhuku.

Pamenepo yang'anani pa mpope, kufupi ndi tsinde lake, pamene pali zidindo za oyesa mfuti. Ndodo ziwiri zachifumu zopingasa, ndi korona ndi zilembo BPC, ndizo za nyumba yoyesera ya ku Birmingham, imene inakhazikitsidwa mu 1813. Korona pamwamba pa GP ndi cha ku London. Zilembo ELG m'kati mwa mzere wozungulira ngati dzira ndi za ku Liège m'dziko la Belgium. Ndipo dziralo likavala korona, mpopewo unayesedwa mu 1893 kapena m'tsogolo mwake.

Mwa zitatu zathu, yoyamba ili ndi TOWER ndi zidindo za ku Birmingham, koma phazi la nkhuku palibe. Tiiyesa ya malonda. Yachiwiri ndi ya ku Liège. Yachitatu ndiyo inatigwira mtima. Inabadwa ya mwala, koma wina anapala kambale kake, natseka mabowo a misomali, naika kamsongole ka fataki. Mtengo wake ngwosemedwa konkuno, ndipo pamene unang'aluka anaukulunga ndi chikopa chachiwisi, chimene chinauma nichigwira zolimba kufikira lero. Pa mfuti imodzi pali manja a mmisiri wa ku Ulaya ndi a wosula wa kumudzi.

Pempho lathu kwa aphunzitsi ndi alaliki

Mukapeza gogodela m'midzi mwanu, choyamba muiyese yodzaza. Ife tinalowetsa ndodo mu mpope wa yachiwiri ija, tinaika chizindikiro pamene inalekeza, ndi kuilinganiza kunja. Inaperewera kutalika kwa chala. Munali wonga ndi chipolopolo zimene mwini wake anatsindira asanamwalire, ndipo ana anali ataseweretsa mfutiyo pakhonde! Wonga wouma sukalamba. Musailozetse kwa munthu, musaiyandikize kumoto, ndipo musayese kuiomba, pakuti dzimbiri ladya mpope m'kati. Kadziwitseni apolisi, kuti isungike monga mwa lamulo.

Chachiwiri, musaikhule ndi mchenga kapena tupa, kuopa kufafaniza zidindo. Nsalu ndi mafuta pang'ono zikwanira. Chachitatu, ndicho chachikulu, khalani pansi ndi okalamba a pabanjapo, mulembe mwini wake woyamba, mudzi wake, ndi chimene anaigula nacho. Wogula zitsulo ayesa mfuti pa sikelo, koma mau a agogo akapita sabweranso. Banja likalephera kuisunga, ilipo nyumba yosungira zakale ku Chichiri mu Blantyre.

Mfuti zitatuzo zagonekedwa pa gome m'chipinda cha sukulu, pafupi ndi belu loyamba la Misyoni. Pakati pa ife amene tidzaziona alipo adzukulu a iwo amene anaziomba, aliponso adzukulu a iwo amene anavala goli chifukwa cha izo. Ndipo sitidziwanso kusiyanitsa awa ndi awo, popeza takwatirana, ndipo tidya pa Gome limodzi. Bwerani nao ana anu adzaone, ndipo tiyamike Mulungu amene anatontholetsa mfutizi m'dziko lathu.