Mamendulo a Agogo Akutiuza Chiyani?

M'chitini, pansi pa sutikesi

M'nyumba zina ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri muli mamendulo a nkhondo. Ena ali m'chitini chakale. Ena anakulungidwa m'kansalu pamodzi ndi khadi la ubatizo. Eni ake anatisiya kale. Mukafunsa, akuluakulu amangoti, "Ndi a agogo anu aamuna, anali ku nkhondo." Koma nkhondo yake iti? Anapita dziko liti? Mendulo yokhayo ikhoza kukuyankhani, mukadziwa kuiwerenga.

Asilikali a KAR

Mu 1902 boma la Britain linakhazikitsa gulu la asilikali lotchedwa King's African Rifles, mwachidule KAR. Magulu awiri oyamba, 1 KAR ndi 2 KAR, anali a kuno ku Nyasaland, ndipo likulu lawo linali ku Zomba. Titalandira ufulu mu 1964, gulu la kuno linatchedwa Malawi Rifles.

Yambani m'mphepete

Tengani mendulo mupite nayo panja, pa dzuwa. Ipendekeni, muone m'mphepete mwake. Ngati ndi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, mupezapo timalemba tating'ono: nambala ya msilikali, udindo wake, dzina lake ndi gulu lake. PTE ndi msilikali wamba. CPL ndi kopolo. SJT ndi sajeni. Dzina likhoza kulembedwa mosiyana ndi m'mene mumalitchulira kwanu, chifukwa olembawo sankadziwa bwino ziyankhulo zathu. Nambala ija ilembeni m'kope, ndiyo imathandiza pofufuza.

Ya siliva, yokhala ndi mutu wa Mfumu George V kutsogolo ndi munthu wokwera hatchi kumbuyo, ndi British War Medal. Yokhala ndi munthu wamapiko, ndi kansalu ka mitundu ya utawaleza, ndi Victory Medal. Ya nyenyezi, yolembedwa 1914-15, dzina la mwini wake limakhala kumbuyo.

Nkhondo imeneyi makolo ankaitcha ya chiwaya. Inafika m'dziko muno. Pa 9 September 1914 asilikali athu anamenyana ndi asilikali a Germany ku Karonga. Kenako anawathamangitsa mtunda wautali m'tchire la dziko lomwe lero ndi Tanzania, mpaka ku Mozambique.

Amtengatenga

Si onse amene anavala yunifolomu. Anthu pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa kukhala amtengatenga. Ankasenza ufa, zipolopolo ndi katundu wa asilikali pamutu, opanda nsapato. Ambiri anatengedwa mokakamizidwa. Njala, kamwazi ndi chibayo zinapha ochuluka, ndipo manda awo alibe maina. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti Aafrika ambiri ofera pa nkhondoyi sanakumbukiridwe mofanana ndi azungu. Ngati m'banja mwanu mulibe mendulo, sizitanthauza kuti agogo anu sanavutike nawo.

Mendulo yolemera pamtima

Pali mendulo ina ya kansalu kachikasu, ka mizere yobiriwira ndi yakuda. Ngati pakansalupo pali kachitsulo kolembedwa NYASALAND 1915, dziwani kuti inaperekedwa kwa amene anatumidwa kukathetsa kuukira kwa John Chilembwe, kumene kunayamba pa 23 January 1915. Chilembwe yemweyo ndi amene anadandaula poyera kuti Aafrika akufera nkhondo yosakhala yawo. Lero nkhope yake ili pa ndalama zathu. Banja lopeza mendulo yotere lisachite manyazi kapena kuitaya. Msilikali sankasankha kopita. Ana ayenera kumva mbali zonse ziwiri za nkhaniyi.

Nyenyezi za nkhondo yachiwiri

Nkhondo yachiwiri inayamba mu 1939 n'kutha mu 1945. Mamendulo ake ambiri alibe dzina la mwini wake, choncho musadabwe mukapeza m'mphepete muli see. Apa chokuthandizani ndi mawu olembedwa pa nyenyeziyo, imene ili ndi nsonga zisanu ndi imodzi.

THE AFRICA STAR ili ndi kansalu kooneka ngati mchenga, ndi mzere wofiira pakati. Kwa asilikali a KAR, imasonyeza nkhondo yolimbana ndi asilikali a Italy ku Somaliland ndi ku Ethiopia mu 1940 ndi 1941.

THE BURMA STAR ili ndi kansalu kofiira pakati, kabuluu m'mbali, ndi timizere ta olenji. Mwini wake anawoloka nyanja pa sitima. Mu 1944 asilikali athu analowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma, nthawi ya mvula yosakata, kukamenyana ndi asilikali a Japan. Matope anali osaneneka, malungo ali ponseponse, ndipo chakudya chinkaponyedwa kuchokera m'ndege. Anayenda choncho mpaka ku mtsinje wa Chindwin.

Mukaona kachitsulo kolembedwa MALAYA pa kansalu kapepo ka mzere wobiriwira, imeneyo ndi ya pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1950.

Kusamala ndi kufunsa

Musakweche mendulo ndi mchenga kapena phulusa ngati poto, mungafafanize dzina. Ipukuteni ndi kansalu kofewa, muisunge pouma. Kansalu kake, ngakhale kathe bwanji, musakachotse. Wina akabwera ndi ndalama kuti aigule, kanani. Ndalamayo idzatha sabata imodzi.

Ku Zomba kuli chipilala chokumbukira asilikali a KAR, komanso National Archives kosungira zikalata zakale. Kuno ku Blantyre kuli nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House. Koma musanakwere minibasi, yambani kunyumba. Ngati azakhali kapena amalume amene anamva nkhanizi pakamwa pa agogo akadali moyo, pitani mukawafunse mwezi uno, mutenge kope ndi cholembera.