Tanthauzo la Mawu: Chiyembekezo

Ambiri a ife kuno ku Mtendere, pofuna kutonthoza mnzathu amene tsoka lamugwera, timati, "Khalani ndi chiyembekezo," monga ngati mawuwa atanthauza kuti zonse zili bwino ndipo choipa palibe. Si tero ayi. Chiyembekezo chichokera ku kuyembekeza, ndiko kudikira chinthu chimene chisanafike. N'chifukwa chake mayi wapakati timamutcha woyembekezera, pakuti ngakhale adziwa kuti zowawa zili m'tsogolo, akonzeratu nsalu zofunditsa khanda.

Ganizo lofanana ndi lija lakuti zonse zili bwino, ndiko kuti dziko lino ndilo labwino koposa maiko onse amene Mulungu akadalenga, linali la Leibniz, wanzeru wa ku Germany, m'buku lake la 1710. Koma chivomezi chitagwetsa mzinda wa Lisbon mu 1755, wanzeru wina, Voltaire, analitsutsa kolimba ganizolo, polingalira za imfa ya anthu osalakwa.

Tsono mvula ikasefukiza ngalande, kolera n'kulowa m'makomboni monga mu 2024, mayi amene awiritsa madzi akumwa, nasambitsa ana ake m'manja ndi sopo, podikira kuti mliri upite, ameneyo ndiye ali ndi chiyembekezo chenicheni. Walira mvula walira matope. Komatu matopewo tisawatche madalitso.