Mneni "see" m'kalasi, m'khoti ndi kuchipatala ku Neno

Mwana wasukulu akangoloweza "see, saw, seen" amayesa kuti wathana naye mneniyu. Zilembo zake n'zitatu zokha, tanthauzo lake n'lodziwika: kuona. Koma aphunzitsi a Chingerezi m'boma la Neno, kuyambira kumapiri a kwa Dambe mpaka kuchigwa cha Lisungwi, amadziwa kuti inki yofiira imathera pa timawu tating'ono ngati timeneti. Nkhaniyi si yamasewera, poti wolephera Chingerezi pa mayeso a MSCE salandira satifiketi, ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi.

Msampha woyamba umachokera m'Chichewa cholongosoka. Mlimi wa manachesi akaima pachitunda amati, "Ndikuona galimoto." Mwana anaphunzira kuti ka "-ku-" kameneko m'Chingerezi kamasanduka "-ing", ndiye amalemba "I am seeing a car." Eni chinenerocho sayankhula chotero. Kwa iwo kuona ndi chinthu chongomuchitikira munthu maso akatseguka, si ntchito yoti akuigwira, choncho amati "I can see a car." Mawu akuti "can" pamenepa sakutama maso a woyankhulayo ayi, angokhala pamalo pomwe ife timaika "-ku-".

Sikuti "I am seeing" kulibe. Kulipo, koma kumanena za kuonana. "I am seeing the headteacher on Monday" ndiye kuti Lolemba munthuyo akakumana ndi ahedi, ndipo anapangana kale. "She is seeing someone" ndiye kuti mtsikanayo ali pachibwenzi. Wophunzira wofuna kungonena kuti mnzake akuona munthu kutsidya angathe kumuikira mnzakeyo nkhani imene ilibe mwini.

Kusiyanitsa "see", "look at" ndi "watch" sikuyenera kudya nthawi yambiri. Aliyense woyankhula Chichewa amadziwa kale kuti njoka panjira amaiona mwadzidzidzi, pabolodi amayang'anapo mwadala, mpira amaonera.

Pofunika kukhazikika ndi pa mawu otsatira mneniyu. Tiyerekeze kuti pa mlatho wa Zalewa, pomwe msewu wochokera ku Blantyre umaoloka Shire, pachitika ngozi, ndipo mboni ziwiri zaitanidwa kukhoti. Ina ikuti, "I saw the boy cross the road." Inzake ikuti, "I saw the boy crossing the road." Kusiyana kwake ndi zilembo zitatu, koma maumboniwa ndi awiri. Yoyamba inaona zonse, mnyamata kunyamuka mbali ino mpaka kufika mbali inayo. Yachiwiri inamuona ali pakati pa kuoloka, ndipo siikulonjeza kuti anafika.

Chichewa nachonso chili ndi njira ziwiri, koma sizigwa mofanana ndi za Chingerezi. "Ndinamuona akuoloka" akugwirizana ndi "crossing". "Ndinamuona ataoloka" ndi nkhani ina: mboniyo inamupeza ali kale tsidya lina, kuolokako siinakuone. Kuti tinene zimene "saw him cross" akunena, timayenera kutalikitsa chiganizo: "ndinamuona akuoloka mpaka anafika." M'makhoti a m'Malawi, momwe mboni zambiri zimayankhula Chichewa pamene zolembedwa za mlandu zimasungidwa m'Chingerezi, katundu yenseyu amagwera womasulira. Pakati pa "ndinamuona akutenga mbuzi" ndi "ndinamuona atatenga mbuzi" pangathe kukhala ufulu wa munthu. N'chifukwa chake phunziroli siliyenera kuphunzitsidwa mothamanga ngati la mayeso chabe.

Pali kakhalidwe kena kodabwitsa. Pambuyo pa "see" mneni wachiwiri savomera "to", moti "I saw him to cross" n'kulakwa. Koma chiganizo chikatembenuzidwa kuti woonedwayo akhale patsogolo, "to" amabwerera: "He was seen to cross the road." Ambiri poyankhula amangosankha "He was seen crossing", chomwe n'chopepuka pakamwa.

Kuchipatala mneniyu amagwira ntchito ina. Neno inakhala boma palokha mu 2003 itapatuka ku Mwanza, ndipo kuyambira 2007 bungwe la Partners In Health, lodziwika kuno ndi dzina loti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likugwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo pa chipatala chachikulu cha Neno, cha Lisungwi ndi zipatala zing'onozing'ono. Odwala amafotokoza ululu wawo m'Chichewa, koma m'mabuku awo a kuchipatala mumalembedwa Chingerezi. "Patient seen" satanthauza kuti dokotala anangomuponyera diso wodwalayo pakhonde. Ndiye kuti anamufunsa, anamuyeza, anamulembera chithandizo. Wodwalayo naye amati "I need to see a doctor", zomwe ife timati "ndikufuna kuonana ndi adokotala". Chingerezi chimagwiritsa ntchito "see" yemweyo mbali zonse ziwiri, pamene Chichewa chimaonjezera "-ana" posonyeza kuti awiriwo akumana.

Apa ndi pomwe zinenero ziwirizi zimaonetsa mamangidwe ake. Chichewa chimakulitsa mneni kumapeto kwake: kuona, kuonana, kuoneka, kuonetsa, kuonera, kuonetsetsa. Ana amaphunzira zimenezi m'phunziro la Chichewa pamutu wa msintho wa aneni. Chingerezi chimamusiya mneniyo mmene alili n'kumuikira timawu pambali. Namwino akauza wosamalira wodwala kuti "See to it that she takes the tablets", akunena kuti "onetsetsani kuti akumwa mankhwala". "See someone off" ndi kuperekeza mlendo mpaka pa siteji ya minibasi. Ngakhale malo a kamawu amasintha nkhani: "see through him" ndi kumutulukira munthu wachinyengo, pamene "see it through" ndi kulimbikira ntchito mpaka itatha.

Ndiye pali "I see", amene alibe chochita ndi maso. Munthu akamufotokozera chifukwa chimene mbatatesi yatsikira mtengo, Mngerezi amati "I see", pamene wa kwa Mlauli ku Neno amati "ndamva". Mmodzi amamvetsa ndi diso, wina ndi khutu. Komabe Chichewa sichili kutali kwenikweni, chifukwa timanena kuti "ndikuona kuti mvula ichedwa" tikutanthauza maganizo, ndipo "tiona" wa kholo limene silikufuna kulonjeza ndi yemwe uja "we'll see". "Tionana" naye ndi "see you". Ziganizo monga "see if the shop is open" kapena "see what he wants" zimayenda ngati zathu zomwe: kaone ngati golosale yatsegulidwa, kaone chimene akufuna.

Mphunzitsi amene amaletseratu Chichewa m'kalasi la Chingerezi amataya chida chomwe ana anabwera nacho kuchokera kunyumba. Kulemba pabolodi "akuoloka" ndi "ataoloka" mbali imodzi, "cross" ndi "crossing" mbali inayo, n'kuwafunsa ana kuti ndi ziti zikugwirizana ndipo ndi iti yatsala yopanda mnzake, kumatenga mphindi zochepa ndi choko chimodzi. Ana a Sitandade 7 angathe kupeza okha yankho.