Masitima Amene Anaonongeka pa Nyanja Ziwiri

Mzinda wa Chipata, umene kale dzina lace linali Fort Jameson, uli pakati pa mapiri, kutali ndi madzi akulu. Munthu akhoza kubadwira kumeneko, kukula, kukalamba ndi kumwalira wosaonapo sitima ya pamadzi. Komatu pa nkhondo ya Ajeremani ya 1914 mpaka 1918, imene makolo ambiri anaipatsa dzina loti Ciwaya potengera mfuti ija yolira kosalekeza, kuonongeka kwa masitima owerengeka pa nyanja ziwiri kunafika mpaka m'midzi ya Angoni, Acewa ndi Ansenga, ndipo amuna a m'midzimo anakumva pamutu ndi pamapewa.

Pa Nyanja ya Nyasa, imene lero ndi Nyanja ya Malawi, panali masitima awiri amene anali ndi mbiri. Ya Angerezi inali Gwendolen, imene inalowa m'madzi ku Fort Johnston, ndiko ku Mangochi, mu 1899. Inatenga dzina la mwana wamkazi wa Lord Salisbury, nduna yaikulu ya ku England. Ya Ajeremani inali yaing'ono, dzina lace Hermann von Wissmann. Iyo inapangidwa ku Hamburg ndi ndalama zimene anasonkha anthu ofuna kuletsa malonda a ukapolo, nibwera zidutswa-zidutswa kudzera m'Zambezi ndi m'Shire. Pamene panali mathithi, anthu akuda anasenza zitsulo zace kufikira kumtunda, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja mu 1893.

Oyendetsa masitimawa, Captain Rhoades wa Angerezi ndi Captain Berndt wa Ajeremani, anali mabwenzi. Anali kucezerana ndi kumwera pamodzi akakomana pa dooko, pakuti Azungu pa nyanjapo anali ocepa ndipo panalibe cifukwa codana.

England analowa m'nkhondo pa 4 August 1914. Mau anafika ku Zomba pa lamya, ndipo Bwana Mkubwa, Sir George Smith, analamula Rhoades kuti akafune sitima ya Ajeremani ndi kuithetsa mphamvu isanayambe kuononga. Asanathe masabata awiri, Gwendolen inalowa m'bandakuca pa dooko la Sphinxhafen, tsidya la kum'mawa, pamene lero pali Liuli m'dziko la Tanzania. Anaipeza Hermann von Wissmann itakokedwera pamtunda, amisiri ali kuikonza. Inali ngati ng'ona imene yagona pamcenga kutali ndi dziwe. Ngakhale zinali tero, nchitoyo siinali yapafupi, cifukwa zipolopolo za mzinga wa Gwendolen zinali zakale, ndipo zina zinakana kulira. Potsiriza cimodzi cinalasa.

Cimene cinatsata ndico anthu akhala akusimba ndi kuseka kufikira lero. Berndt anatsika m'bwato, napalasa kudza ku Gwendolen ali wokwiya, nakwera, nafunsa bwenzi lace ngati laledzera. Iye sanadziwe kuti kunja kuli nkhondo, pakuti kwa iye mau anali asanafike. Rhoades anamfotokozera, namuuza kuti tsopano ndi wandende. Angerezi anacotsa mfuti ya sitimayo ndi zitsulo zina za injini, nacoka. Nyuzipepala ya The Times ku London inalengeza kuti Angerezi apambana pa Nyanja ya Nyasa, ndipo olemba mbiri ena amawerenga kukomanaku monga nkhondo yoyamba ya masitima a Angerezi m'nkhondo yonseyo. Wopenyetsetsa adzaona kuti cimene cinapambana tsiku lija ndi lamya koposa mzinga.

Nkhaniyi ndi yoseketsa, koma zotsatira zace zinali za mwazi. Nyanja itakhala m'manja mwa Angerezi okha, masitima anatenga asilikari a King's African Rifles ku Fort Johnston nakawatula ku Karonga m'masiku owerengeka, ulendo wa mamailosi oposa 300 umene pamtunda ukadatha masabata. Motero pamene Ajeremani anaukira Karonga pa 9 September 1914, anapeza asilikari alipo kale, ndipo anabwezedwa. Ambiri mwa amene anagwa mbali zonse ziwiri anali anthu akuda. Imfa zimenezi ndizo zinali m'mtima mwa John Chilembwe pamene analemba kalata yace yodandaula ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November caka comweco, miyezi iwiri asanaukire Boma. Angerezi, poopa kuti Ajeremani angakonzenso sitima yao, anabwerera ku Sphinxhafen kumapeto kwa May 1915, motsogozedwa ndi Lieutenant-Commander Dennistoun, natsitsa asilikari, namenyana, naiphulitsa ndi wonga pomwe inagonapo.

Kumpoto, pa Nyanja ya Tanganyika, zinthu zinatembenuka. Kumeneko amene anayamba kulasa anali Ajeremani. Anali ndi sitima dzina lace Hedwig von Wissmann, ndilo dzina la mkazi wa Mzungu yemweyo amene sitima ya pa Nyasa inatenga dzina lace, ndiponso ina yaing'ono, Kingani. Anayamba ndi kuononga sitima ya Abelijiki, Alexandre Delcommune, ndipo mu November 1914 anatsikira kummwera kwa nyanja, m'dziko la Northern Rhodesia, naononga masitima a Angerezi amene anali pa Kasakalawe ndi Kituta, pakati pace Cecil Rhodes ndi Good News, imene kale inali ya amishoni. Awa sanali masitima a nkhondo, koma a malonda ndi a katundu. Kuyambira pamenepo Ajeremani anali kuyenda pa nyanjapo monga afuna, kutula asilikari pamene afuna, ndipo malire a ku Abercorn, ndiko ku Mbala, anakhala poyera.

Angerezi anatenga nthawi yoposa caka kuti abweze. Mu 1915 anatumiza kucokera ku London timaboti tiwiri ta injini, Mimi ndi Toutou, pamodzi ndi mtsogoleri wace Geoffrey Spicer-Simson. Tinatsikira ku Cape Town, tinakwera njanje kupyola Livingstone, Broken Hill ndi Ndola mpaka m'dziko la Congo, ndipo pamene njanje inathera tinakokedwa pamapiri ndi makina a nthunzi, ng'ombe ndi anthu. Pa 26 December 1915 tinagwira Kingani. Pa 9 February 1916 Hedwig von Wissmann inamira italasidwa. Inatsala yaikulu, Graf von Goetzen, ndipo imeneyo eni ace anaimiza okha pafupi ndi Kigoma mu July 1916 kuti ingagwe m'manja mwa adani.

Tsono kodi izi zinawakhudza bwanji anthu a ku Fort Jameson? Yankho lace liri m'masamu a katundu. Asilikari a kumalire anafuna ufa, mpunga, zipolopolo, mankhwala ndi mabulangete tsiku ndi tsiku. Sitima imodzi itenga m'mimba mwace katundu amene pamtunda afuna anthu zikwi, ndipo siidya ufa umene yanyamula. Koma wa tengatenga asenza mapaundi 50 kapena 60, ndipo ayenera kudya. Ngati adya mapaundi 2 pa tsiku, ulendo wa masiku 30 umaliza mtolo wonse wa mapaundi 60 m'mimba mwa wousenza yemwe. Cifukwa cace kuti msilikari mmodzi akhute kumalire, panafunika mzere wautali wa anthu kumbuyo kwace, ena osenza cakudya ca msilikari, ena osenza cakudya ca osenzawo. Kucokera pa njanje kufika ku Abercorn panali mamailosi oposa 400, ndipo ng'ombe zinali kufa ndi kashembe panjira. Boma linayesa njira ya mabwato, kucokera ku Luapula kupyola m'madambo a Bangweulu kukwera m'Chambeshi kulinga ku Kasama. Inathandiza ndithu, koma njala ya anthu osenza siinathe.

Munthu akhoza kuganiza kuti ku Nyasa, kumene Angerezi anali ndi nyanja, anthu anapuma. Iai. Pamene General Northey analowa m'dziko la Ajeremani mu 1916, masitima, pamodzi ndi Chauncy Maples ya amishoni a ku Likoma imene Boma linatenga, anali kutula katundu wambiri-mbiri pa madooko a kumpoto. Kucokera pamenepo njira inali yokwera mapiri ozizira kumene kunalibe mseu, ndipo mtolo uli wonse unafuna mutu wace. Kumene nyanja inatayika anthu anasenza cifukwa masitima panalibe. Kumene inagwidwa anasenza cifukwa masitima anacurukitsa mitolo. Olemba mbiri amawerenga kuti m'Nyasaland mokha anthu pafupifupi 200,000 anagwira nchito ya tengatenga. Maboma a kum'mawa kwa Northern Rhodesia, ndi Fort Jameson yemwe, nao anapereka anthu ao. Mamesenjala anali kufika kwa mafumu ndi ciwerengero, mafumu naloza anyamata, ndipo minda inatsala m'manja mwa akazi ndi nkhalamba. Ambiri anafa wosaona mdani, ndi njala, kamwazi ndi cisanu, ndipo amene anabwerera mu 1918 anakomana ndi cimfine cija cimene cinapulula anthu pa dziko lonse.

Nkhondoyo inathera m'Northern Rhodesia momwemo. General von Lettow-Vorbeck, atalanda Kasama, anamva pa mtsinje wa Chambeshi kuti ku Ulaya mfuti zaleka kulira, ndipo anakatula zida ku Abercorn pa 25 November 1918.

Masitima aja ena anauka. Hermann von Wissmann, imene inaonongedwa kawiri, Angerezi anaikonza niyendanso pa nyanja ndi dzina lacilendo la King George. Graf von Goetzen inabvuulidwa mu 1924, ndipo mu 1927 inayamba nchito ndi dzina loti Liemba, nikhala zaka makumi ambiri ikunyamula anthu, matemba ouma ndi katundu wina pakati pa Kigoma ndi Mpulungu. Hedwig von Wissmann iri pansi pa madzi. Gwendolen inaphwasulidwa itakalamba, koma mzinga wace umodzi unaikidwa ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya koloko ya Mfumukazi Victoria, m'mbali mwa mlatho wa pa Shire.