JULIUS CHONGO NDI NTHANO ZOCITITSA MANTHA

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, lero tikambirana za Julius Chongo, munthu amene anali kucititsa anthu nthumanzi ndi mau ake okha.

Maiko akutali ali nao alembi a nkhani zoopsa. Ku Mangalande, Mary Shelley anatulutsa buku la Frankenstein mu 1818, ndipo Bram Stoker anatulutsa la Dracula mu 1897. Kwathu kuno nkhani zotere sizinayambire m'mabuku ai. Zinayambira pamoto, pamene agogo anali kusimba za zimphona, mizukwa ndi mfiti zokwera afisi usiku.

Chongo anatenga maceza a pamotowo nawalowetsa mu wailesi. Kuyambira ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kufikira m'zaka za m'ma 1970, iye anali kusimba nkhani m'Cinyanja pa Zambia Broadcasting Services ku Lusaka, m'pologalamu yochedwa Poceza M'madzulo. M'midzi ya ku Chipata, Katete ndi Chadiza anthu anali kuunjikana pa wailesi imodzi, onse khutu chee! Wosimbayo anali yekha, koma mau ake anali kusanduka a nkhalamba, a mwana, kapena a cirombo. Nkhani zina zinali za nyama, zina za moyo wa m'tauni, zina za njiru ndi ufiti. Mu 1972 a Neczam anasindikiza buku lake lochedwa Fumbi Khoboo!

Mau a pa wailesi amapita ndi mphepo ngati palibe wowasunga. Nchito yowasunga anaigwira Ernst Wendland, mphunzitsi wocokera ku America amene anakhazikika ku Lusaka. Iye analemba nkhani za Chongo monga momwe zinamvekera, naziphunzira mozama, ndipo mu 1979 analandira nazo digiri yapamwamba ku University of Wisconsin. Mu 2004 a UNZA Press anasindikiza zina mwa nkhanizo m'Cinyanja ndi m'Cingerezi.

Nanga nthano zoopsa zipindulanji? Katswiri wina, Max Marwick, anakhala pakati pa Acewa a m'dera la Fort Jameson, lomwe tsopano ndi Chipata, nalemba buku la za ufiti limene linatuluka mu 1965. Iye anapeza kuti kawirikawiri oganizirana ufiti ndi abale a m'mbumba imodzi amene anayambana kale. Motero nthano ya mfiti imatiwonetsa cidani cobisika m'banja, ife tiri patali, popanda wina wopwetekedwa.

Koma kusimba nthano ndi kuloza munthu cala ndi zinthu ziwiri zosiyana. Lamulo la za ufiti, limene linakhazikitsidwa m'dziko muno mu 1914, limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti. Cikhalireco, nkhalamba zosalakwa zakhala zikumenyedwa ndi kupitikitsidwa m'midzi cifukwa ca mphekesera cabe. Agogo amene anatiphunzitsa nthano sayenera kulipidwa motero.

Tsono aphunzitsi, uzani ana kuti apemphe akulu kunyumba awasimbire nthano imodzi yoopsa, nailembe bwino m'kabuku. Asachulemo dzina la munthu wamoyo. M'kalasi, mwana aliyense aisimbe posintha mau monga anali kucitira Chongo. Pomaliza muwafunse kuti: kodi tsoka la m'nthanoyi linayamba ndi cirombo, kapena ndi mtima wa munthu?