MBIRI YA NDALAMA ZA SUKULU M'BOMA LA MULANJE

Mphunzitsi watsopano pofika pa sukulu yace yoyamba apeza nyumba, bolodi, coko ndi kaundula, ndipo kawirikawiri safunsa amene analipira zinthuzo. Koma funsoli liyenera kufunsidwa, pakuti wopereka ndalama ndiye aikanso malamulo a kagwiritsidwe kace. M'nkhani ino tilondola mbiri ya thandizo la Boma pa sukulu za ku Mulanje, kuti inu amene mulikukonzekera uphunzitsi mudziwe katundu amene mudzasenza.

Poyamba Boma silinapereke kanthu. Mbusa Robert Cleland wa Mishoni ya Blantyre anatsegula nchito ku Mulanje m'caka ca 1890, namwalira caka comweco, koma anzace anaipitiriza. Sukulu zoyamba zinaimirira ndi zopereka za Akristu a ku Scotland ndi manja a anthu a m'midzi, amene anadula mitengo, namweta udzu, namata zipupa. M'caka ca 1891 Henry Brown anadzala tiyi ku Lauderdale, ndipo pamene minda inakula Alomwe ambiri anadza kucokera ku Mozambique, nakhala pa malo a Azungu mwa thangata. Anthu onsewa anakhoma msonkho wa nyumba, koma msonkhowo sunabwerere ku sukulu za ana awo.

Thandizo loyamba linaturuka m'caka ca 1908: £1,000 za dziko lonse la Nyasaland, zogawira mamishoni. Alendo a bungwe la Phelps-Stokes, atayendera dziko lino mu 1924, anaona kuti Boma liperekadi zocepa. Cotero mu 1926 munakhazikitsidwa Dipatimenti ya Maphunziro, mkulu wace woyamba R. F. Gaunt, ndipo lamulo la maphunziro linatsata mu 1927. Kuyambira apo thandizo linadza ndi zofunsa zace: mphunzitsi akhale wa setifiketi, ana afike masiku okwanira, maphunziro atsate dongosolo la Boma, ndipo woyendera sukulu abvomereze.

Malamulo amenewa anali ndi nzeru, koma anabala mitundu iwiri ya sukulu, zothandizidwa ndi zosathandizidwa. Ndalama zinapita kumene kunali kale mphunzitsi wophunzira ndi nyumba yabwino. Sukulu ya kumudzi wakutali, kapena ya pa esiteti pamene ana anajomba pa nyengo yochola tiyi, inalephera muyeso, nikhalabe yosauka. Sukulu ya Jeanes ya ku Domasi, yotsegulidwa mu 1929, inaphunzitsa aphunzitsi oyendera pamodzi ndi akazi awo kuti akakweze sukulu zotere, koma iwo anali owerengeka ndipo midzi inali yambiri.

Pambuyo pace magwero ena anaonekera. Lamulo la 1933 linapatsa mafumu ulamuliro m'maiko awo, ndipo anakhala ndi mosungira cuma mwao. Lamulo la 1953 linatsegula njira ya makhonsolo a maboma. Ku London nako malamulo a 1940 ndi 1945 anapatula ndalama zotukulira maiko olamulidwa ndi Britain, zimene zinathandiza makamaka pa zomanga.

Nthawi ya Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, itiphunzitsa kanthu kakukuru. Maphunziro anagawidwa pakati pa maboma awiri potsata khungu. Boma la Citaganya ku Salisbury linatenga sukulu za Azungu, Amwenye ndi Makaladi, ndi maphunziro apamwamba. Sukulu za ana Aciafrika zinatsala m'manja mwa Boma la ku Zomba, limene thumba lace linali laling'ono. Motero mwana wa mwini esiteti ndi mwana wa wochola tiyi, obadwira patsinde pa phiri limodzi, anadyera m'mbale ziwiri zosiyana kukula.

Atapambana a Malawi Congress Party pa cisankho ca 1961, Kanyama Chiume anakhala Nduna ya Maphunziro, ndipo lamulo la 1962 linaika makhonsolo kukhala oyang'anira sukulu za pulaimale m'maboma awo. Katundu anagawidwa patatu: Boma la dziko linasenza malipiro a aphunzitsi, khonsolo inasamala zipangizo, ndipo makolo analipira fizi naumba njerwa. Sukulu zinacuruka, komabe mwana wosowa fizi anabwezedwa kwao.

Fizi inathetsedwa mu 1994, pa ulamuliro wa Bakili Muluzi. Ana a m'sukulu za pulaimale m'dziko lonse anakwera kucokera pa 1,900,000 kufika pafupi ndi 3,000,000, ndipo ambiri anaphunzirira pansi pa mitengo. Ndalama zimene mphunzitsi wamkulu anagulira coko zinaphwa, nayamba kudikira zonse kucokera ku likulu. Lamulo la maboma aang'ono la 1998, caka comwe Phalombe anapatuka ku Mulanje, linabwezera mphamvu ku makhonsolo. Kuyambira 2010 munadza dongosolo lakuti sukulu ilembe yokha cikonzero ca zosowa zace, ndipo thandizo lidzere ku khonsolo kulowa m'buku la ku banki la sukuluyo. Ndalamazo ziyenera kugwira mbali zitatu: ubwino wa maphunziro, kufikira ana onse makamaka osauka, ndi kayendetsedwe ka sukulu. Komiti ya sukulu ndi makolo akhala pamodzi ndi aphunzitsi posankha cogula.

Tsono tiphunziranji? Coyamba, thandizo la Boma silinakwanirepo lokha. Namondwe wa Freddy atakantha Mulanje m'Marichi 2023, zipinda zina zinagwa, zina zinasanduka mogona anthu othawa madzi, ndipo kukonza kunafuna Boma, mabungwe ndi midzi pamodzi. Caciwiri, ndalama zolonjezedwa sizifika nthawi zonse pa tsiku lace. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Musayambe ngongole pa ndalama zimene simunazione. Cacitatu, ndipo ici ndico cacikulu, kuyambira 1927 thandizo latsata zolembedwa. Kaundula wonama alanda gawo la sukulu ina, ndipo kaundula wosasamalidwa amana ana anu gawo lao.

Cifukwa cace mukapita ku nchito, itanani maina m'mawa uli wonse, sungani malisiti, ndipo lembani poyera ndalama zolowa ndi zoturuka kuti kholo losadziwa Cingerezi limve. Pokambirana cogula, kumbukirani mwana wa kutali amene malamulo a kale anamsiya kunja, mumfunsire gawo lace.